Msoko wa M'kati

Masitepe a nyumba ija analipo makumi anayi ndi awiri. Make mapasa anakhala pamwamba pamenepo zaka zitatu osawawerengapo, pakuti munthu amene thupi lake lili bwino sawerenga masitepe. Anayamba kuwawerenga sabata yachitatu atachitidwa opaleshoni, dzanja lina litanyamula chidebe cha madzi, linalo litagwira pamimba kuti pasakoke. Madzi pa nyumbayi ankafika m'mwamba m'mamawa mokha. Dzuwa likangokwera ankathera pa mpope wa pabwalo, ndipo ana awiri, abale inu, amadetsa matewera ngati akupikisana.

Sikuti m'nyumbamo munalibe anthu a manja ndi miyendo. Munali apongozi ake, mayi a mwamuna wake, amene anabwera ndi chikwama chachikulu ati kudzathandiza. Amati mlendo ndi mame, koma awa anali mame osauma. Thandizo lawo linali kukhala pa mpando wa pawindo, mwana mmodzi ali pamiyendo, n'kumauza mwini nyumba mmene ntchito imagwiridwira. Kunkabweranso mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, amene ankatseka saluni yake masana n'kudzamwa tiyi. Ameneyu ndiye anali muyezo wa zonse, chifukwa nayenso anachitidwapo opaleshoni pa mwana wake woyamba.

"Ine tsiku lakhumi ndinkachapa ndekha," ankatero mlamuyo, ndipo sankachedwa kutsitsa siketi pang'ono kuonetsa chipsera chake, kamzere kopingasa m'munsi mwa mchombo. "Wachiwiri ndinabereka bwinobwino, popanda mpeni. Taonetsani bala lanu, alamu. Si ili? Chimodzimodzi. Mwinanso inu anakusokani bwino kuposa ine."

Make mapasa ankaona yekha kuti zinali zoona. Iye anali telala, makina ake anali apo pakona atawaphimba ndi nsalu, ndipo msoko wabwino ankaudziwa akauona. Bala lake linali lopingasa, lalifupi, losokedwa mwaukhondo ngati la mlamu wake. Nanga n'chifukwa chiyani iye ankamva ngati m'kati mwake muli mbedza imene ikukoka kuchokera pansi kukafika pa mchombo? N'chifukwa chiyani akakwera masitepe maso ankachita mdima? Anafika poyamba kudzikayikira yekha, kuti kapena ndinedi waulesi ine. Pa zonse zimene anamuchita, chimenechi ndi chimene chinadzamupweteka kwambiri pambuyo pake.

"Bala limapola ndi ntchito," ankatero apongozi. "Mukaligonera nalonso limakugonerani. Limbani msanga, apongozi anga. Atsikana awiri talandira, zikomo, koma chaka chamawa mutipatseko kamnyamata."

Bambo a mapasa ankagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ndi utoto, ndipo ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Mkazi wake akamudandaulira, iye ankayang'ana nsapato zake. "Amayi akudziwa," ankatero, "abereka asanu ndi awiri." Koma masiku ena make mapasa ankadzuka n'kupeza zidebe ziwiri zodzaza kuseri kwa chitseko. Mwamunayo ankazikweza usiku mwakachetechete ngati wakuba, amayi ake atagona. Mkaziyo ankati chimenecho ndi chikondi, ndipo ankamwetulira yekha. Kupusatu kumeneko.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi atachitidwa opaleshoni, pa sitepe ya makumi atatu, anamva chinthu chikuti thu m'mphepete mwa bala, ngati ulusi ukaduka pa makina. Kenako anamva kufunda kutsikira m'miyendo. Anatula chidebe bwinobwino, osataya ndi dontho lomwe, ndipo mpaka lero akakumbukira zimenezo amadzipsera mtima: magazi akutuluka, iye n'kumasamala madzi. Anakwera masitepe otsalawo atagwira khoma. M'bafa anapeza thonje lili psuu, pamene masiku awiri apitawo magazi anali atayamba kutha.

"Kamagazi aka?" anatero apongozi atasuzumira. "Ife tinkataya kuposa apa n'kupitiriza ntchito."

Make mapasa anatuluka m'bafamo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anavala diresi lomasuka, anatenga kabuku kake ka kuchipatala, n'kuitana takisi. Mlamu wake, amene anali atangofika, ananyamula ana onse awiri, wina kumsana wina m'manja. Ananena poyera kuti akupita nawo kuti akamve yekha anamwino akunena kuti palibe chalakwika.

Ku chipatala anadikira pa benchi mpaka ana onse anayamwa kawiri. Amene anawalandira anali namwino wachikulire, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Anamugoneka make mapasa, anamatula bandeji, n'kutsuka balalo. Anapeza kuti lamasuka pakona, malo okwana chala chimodzi. Anadina pamimba, apa ndi apo, akuyang'ana nkhope ya wodwalayo, kenako anamutumiza kukamuunika m'mimba ndi makina. Atabwerera ndi zotsatira, namwinoyo anali atatenga failo yake n'kuitsegula patebulo.

"M'kati simunamasuke, mwayi wanu," anatero. "Mwakhala mukunyamula chiyani, mayi?"

"Madzi."

"M'kapu?"

"M'chidebe. Timakhala pamwamba."

Namwino anavula magalasi n'kuwasiya alendewere. "Chidebe. Inu, ndi mmene anakuchekerani muja? Pepala lija simunawerenge?"

"Pepala liti, anesi?"

Mwana mmodzi anayetsemula m'manja mwa mlamu, amene anali atakhala pa kampando pafupi ndi chitseko. Namwino anatenga cholembera, anatembenuza envulopu yakale, n'kujambula chinthu chonga peyala.

"Ichi ndi chiberekero. Pochita opaleshoni timacheka kawiri, khungu kunja ndi chiberekero m'kati. Chimene mumaona pamimba panupo ndi cha kunja chokha. Amayi ambiri m'kati timawachekanso mopingasa, m'munsi umu, mmene mnofu wake ndi wopyapyala. Pamenepo pamapola bwino, ndipo ena amadzabereka okha mtsogolo."

"Ngati ine," anatero mlamu, koma mawu ake anali atachepa.

"Ngati inu. Awanso dokotala anayamba choncho, ndipo mwana woyamba anatuluka bwino. Koma wachiwiri anatembenuka n'kugona chopingasa, msana pansi, chiberekero n'kumufinya. Mpata unachepa, nthawi inkatha. Ndiye dokotala anacheka mzere wina kuchokera pakati pa woyambawo kukwera m'mwamba." Cholembera chinakwera pa envulopu paja, mzere woongoka wodutsa pakati pa peyala. "Uku mnofu ndi wokhuthala, magazi amatuluka ambiri, n'chifukwa chake tinakuwonjezerani mabotolo awiri. Kuchira kwake sikufanana ndi kwa alamu anuwa. Kuyendayenda m'nyumba n'kwabwino, koma kunyamula chinthu cholemera kuposa mwana, ayi, mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Ndipo mvetsetsani ichi. Musatenge mimba zaka ziwiri zisanathe. Mukadzatenga, musadzadikire matenda kunyumba. Tidzakuchitani opaleshoni tsiku lisanafike, chifukwa msoko wotere ukhoza kuphulika pa nthawi ya matenda, ndipo ukaphulika timataya mwana, nthawi zina ndi mayi yemwe."

Make mapasa anayang'ana envulopu ija maso ali tuzu. Sanafune womufotokozera kawiri. Ndi majekete angati amene makasitomala anamubweretsera, kunja osalala ngati atsopano, m'kati nsalu itang'ambika kuyambira m'khwapa mpaka m'thumba? Iye yemwe ankawauza kuti chovala sitiweruza ndi kunja. Ndiye pafupifupi masabata atatu anthu akhala akumuvundukula, kuyerekeza msoko wa kunja, iye n'kumavomera.

"Munauza ndani zimenezi?" anafunsa.

Namwino anatembenuza tsamba. "Tsiku lotuluka munali ndi chizungulire, ndiye dokotala anaitanira bambo mu ofesi. Anawafotokozera zonse, anawajambulira ngati mmene ndachitiramu, n'kuwapatsa pepala loti akupatseni. Anasaina apa."

Inali siginecha ya mwamuna wake ndithu, ija yokhala ndi mchira wautali imene amanyadira nayo. Make mapasa anamva kutentha kukwera kuchokera pachifuwa kufika m'makutu.

"Mimba ndi yanga, anesi. Mpeni unadutsa pa ine. Chizungulire chimatha, bwanji simunadikire kuti chithe mundiuze ine? Kapena munaona ngati amene anang'ambidwa ndi bamboyo?"

Namwino sanadziteteze. "Pamenepo tinalakwa, mayi," anatero. "Tinayenera kuuza mwini thupi."

Kuvomera kwakeko sikunazimitse moto, kunangousunthira kwina. Make mapasa anafunsa za kulera, ndipo atamufotokozera njira zonse anasankha ya pamkono n'kunena kuti amuike lero lomwe. Namwino atamaliza kumumanga bandeji yatsopano pamimba ndi ina pamkono, make mapasa sanatsitse diresi.

"Cholembera chija, anesi. Ndijambuleni apa."

"Pati?"

"Pakhungu pomwe pano, pamwamba pa bandeji. Mzere uja mwajambula pa envulopu. Kwathu kuli anthu amene amakhulupirira zimene aona ndi maso basi."

Namwino anavala magalasi. Anatenga cholembera chakuda chonenepa chija amalembera pa mabotolo, n'kukoka mzere kuchokera m'mphepete mwa bandeji kukwera cha ku mchombo.

M'takisi, atatsala pang'ono kufika, mlamu analankhula akuyang'ana pawindo.

"Alamu, pepalalo ndinaliona. Achimwene anawapatsa amayi tsiku lomwe munatuluka. Ine sindinawerenge, ndikulumbira. Amayi anati ndi zoopseza za madokotala, anati mukaliona mugona chaka chathunthu. Lili m'chikwama chawo, m'thumba la m'mbali. Ine ndimaona ngati opaleshoni ndi imodzi."

"Inenso ndimaona choncho," anatero make mapasa. Kenako anaimbira foni mkulu wake, amene ankakhala kutsidya kwa tauni m'nyumba yopanda masitepe, ndipo analankhula naye mawu ochepa kwambiri.

Chidebe chija chinali chikadali pa sitepe ya makumi atatu, chodzaza, pomwe anachisiya. Tsiku lonse palibe amene anachikweza. Anachilambalala n'kupitiriza kukwera pang'onopang'ono, akupuma pa sitepe yachisanu iliyonse.

Bambo a mapasa anafika dzuwa lisanalowe, malaya ali ndi madontho a utoto. Anapeza mkazi wake atakhala pa mpando wa pawindo, uja wa apongozi, ndipo apongoziwo ali chilili pakati pa chipinda. Patebulo panali pepala lopindidwa kanayi. Mlamu ndiye anali atalitulutsa m'chikwama ndi manja ake, amayi ake akumukalipira kuti alibe mwambo. Mwamunayo atangoliona pepalalo, maso ake anathawira ku nsapato monga mwa masiku onse.

"Nsapatozo zili bwino, bambo a mapasa," anatero mkazi wake. "Yang'anani kuno."

Anaimirira atagwira mpando, n'kukweza diresi pamaso pa onse. Manyazi anali atawasiya ku chipatala. Mzere wakuda uja unaima njo pamwamba pa bandeji yoyera.

"Mukuudziwa uwu?"

Mwamunayo anagwedeza mutu kuvomera.

"Nenani ndi pakamwa. Pa dokotala paja munali ndi dzanja losainira, ndiye pakamwa muli napo."

"Ndikuudziwa."

"Anakuuzani kuti ndisanyamule zolemera?"

"Anandiuza."

"Anakuuzani kuti ndikatenga mimba msanga ndikhoza kufa?"

"Iwe, ndinkaopa kukuopseza. Unali wofooka, ndiye ndinati ukalimba kaye..."

"Ndikalimba ndi zidebe? Munkagona pambali panga apa, mukundimva ndikubuula potembenuka. Ndinakuuzani kuti m'kati mukundikoka, inu n'kumati amayi akudziwa. Munkadziwa ndinu. Zidebe ziwiri zija munkabisa kuseri kwa chitseko, ine n'kumati mwamuna wanga amandikonda, kani munkalipira mlandu pang'onopang'ono? Simunaope kundiopseza ine ayi. Munaopa amayi anu. Munayeza mkwiyo wa amayi anu ndi moyo wanga, n'kupeza kuti wolemera ndi mkwiyowo."

Apongozi sanathe kupirira. "Apongozi anga, madokotala amakuza nkhani. Ine asanu ndi awiri, palibe pepala limene linandiberekera. Mukanaliona mukanangoti gone, ana awiriwa akanawasamala ndani? Ndinachita zimenezo pofuna kukulimbitsani."

Make mapasa anatembenukira kwa iwo. Zaka zonsezi anali asanawayankhepo mokweza, ndipo ngakhale tsiku limeneli mawu ake sanakwere, anangouma.

"Amayi, asanu ndi awiriwo munabereka ndi mimba yanu. Iyi ndi yanga. Munawerenga pepala lonse, mpaka pomwe alemba za zaka ziwiri, n'kulipinda bwinobwino, n'kubwera kudzakhala pa mpando uwu kundipempha kamnyamata chaka chamawa. Ndikanakumverani, mukanadzalira pa maliro anga mokweza kuposa aliyense, ndikukudziwani." Anapinda mkono wa diresi kuonetsa bandeji inayo. "Aka n'kakulera. Ndaikitsa lero, sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Kamnyamatako mukafunse kwa amene ali ndi chiberekero chosasokedwa."

Apongozi anayang'ana mwana wawo wamkazi kuti awathandize, koma mlamu anali kalikiliki kupinda matewera n'kumaika m'chikwama cha ana, misozi ili m'masaya. Pansi pabwalo galimoto inaliza hutala kawiri.

"Ndi akulu anga amenewo," anatero make mapasa. "Ndikukachirira kwawo. Kulibe masitepe, ndipo madzi amatuluka tsiku lonse."

"Ubwera liti?" anafunsa mwamuna wake. Mawu ake anali a munthu amene wangozindikira kumene kukula kwa chimene wachita, ndipo mkaziyo anamumvera kachisoni pang'ono. Kachisoniko kanamupsetsanso mtima.

"Bala la kunjali anesi ati lipola m'masabata awiri. La m'kati lili ndi nthawi yake. Linalo, limene mwandicheka inu, sindikudziwa, palibe amene wandipatsa pepala lake. Nyamulani ana."

Mwamunayo ananyamula ana onse awiri, wina mkono uwu wina mkono uwo. Mlamu anasenza chikwama, kenako anabwerera kudzatenga makina osokera, chifukwa mwiniwake anati sawasiya. Apongozi anatsala pakhomo atagwira chitseko, osadziwa kuti atsazike kapena ayi.

Anatsika motsatizana, mwamuna patsogolo. Pamene panali chidebe chija iye anaima, akusowa podutsa ndi ana m'manja, ndipo anachita kudzipanikiza kukhoma kuti asachigunde. Anacheuka kuyang'ana mkazi wake ngati akufuna kunena kanthu.

"Muchipeza pobwerera," anatero make mapasa. "Kuchokera apa kukafika pamwamba ndi masitepe khumi ndi awiri. Muwawerenge."

Iye anatsika pambuyo pa onse, dzanja lina pakhoma, akuponda sitepe imodzi imodzi monga anamuuzira namwino. M'dzanja linalo ananyamula pepala lija basi, ndipo atakhala m'galimoto analitambasula pamiyendo n'kuyamba kuliwerenga yekha kuyambira pa mzere woyamba.